Amene akuyankhulayu ndi ndani, phanga kapena pulofesa?

Nkhani za zojambula zakale za m'mapanga ine ndimazikonda zedi, zija anthu anajambula pa makoma a miyala zaka masauzande ambirimbiri zapitazo, kulemba kusanayambe, ulimi usanayambe. Koma ukaziwerenga zambiri umayamba kuona kachizolowezi kena kake mmene akatswiri ndi atolankhani a sayansi amazilembera. Khoma la phanga limatipatsa zinthu zochepa kwambiri. Pali utoto, wofiira wa dothi kapena wakuda wa makala, pali mizere imene tikutha kuona kuti iyi ndi hatchi iyi ndi njati, ndipo mwayi ukakhalapo pali deti yoyezedwa ku labu. Basi. Zina zonsezo, zoti ankapemphera, zoti ankalodza nyama kuti akaziphe ku uzimba, zoti apa ndi pamene munthu anayambira kuganiza ngati ife, zimenezo pakhoma palibe, amene amabwera nazo ndi wolemba. Sindikuti akunama ayi. Ndikungoti munkhanizi muli luso lokopa anthu ndi mawu, limagwira ntchito yaikulu kwambiri, ndipo silionekera msanga chifukwa limabisala kuseri kwa manambala ndi mayina a mayunivesite.

Tiyambire ku Altamira, kumpoto kwa Spain. Mu 1879 bambo wina dzina lake Marcelino Sanz de Sautuola ankakumba pansi m'phangamo kufuna mafupa ndi zida zamiyala, ndiye mwana wake María, kamtsikana ka zaka ngati 8, ndi amene anayang'ana kumwamba n'kuona njati zojambulidwa padenga. Chaka chotsatira bamboyo anatulutsa kabuku konena kuti zojambulazi ndi za anthu a nthawi ya miyala. Akuluakulu a maphunziro a zinthu zakale ku France, anthu ngati Gabriel de Mortillet ndi Émile Cartailhac, anakana kwamtuwagalu, ena mpaka ankati ndi feki, pali munthu wamasiku ano amene anajambula zimenezi. Anali ndi zifukwa zomveka ngati za sayansi ndithu, ati utoto ukuoneka watsopano, ati bwanji padenga palibe mwaye wa nyali ngati anajambuladi mumdima. Koma pansi pa zonsezo panali maganizo amodzi, oti zojambulazi zakongola mopitirira muyezo, munthu "wosatukuka" sangakwanitse. Sautuola anamwalira mu 1888 anthu akumukayikirabe. Mpaka mapanga ena atapezeka ku France komweko, La Mouthe, Font-de-Gaume, Les Combarelles, ndi pamene Cartailhac mu 1902 analemba nkhani yovomera kuti analakwa.

Tsopano onani zimene zinachitika kenako. Pasanapite nthawi phanga lomwe lija ankaliti feki linayamba kutchedwa Sistine Chapel ya anthu akale, kutengera tchalitchi chija cha ku Vatican chimene Michelangelo anajambula denga lake kuyambira 1508 mpaka 1512. Lascaux, phanga la ku France, itapezeka mu 1940, anyamata anayi ataitulukira pafupi ndi Montignac, nayonso inapatsidwa dzina lomwelo. Mu 2020 nyuzipepala zinalipereka kwa matanthwe ojambulidwa a ku Serranía de la Lindosa ku Colombia. Kaya ma Sistine Chapel alipo angati tsopano. Ukaganiza bwino, amene ankati "n'zokongola kwambiri sangajambule ndi anthu akutchire" ndi amene akuti "n'zokongola ngati za Michelangelo" akuyezera muyezo umodzi, luso la ku Ulaya la zaka 500 zapitazo, anangoutembenuza. Ndipo dzinalo silibwera lokha, limabwera ndi katundu wake. Ukangoti tchalitchi, wowerenga waona kale malo opatulika, mapemphero, katswiri mmodzi wodziwika, pulani imodzi yoyambira uku kukathera uko. Chonsecho zoyeza zikuonetsa kuti ku Altamira anthu anakhala akubwera kudzajambula kwa zaka pafupifupi 20,000. Amene anajambula njati zotchuka zija anatalikirana nthawi ndi amene anaika chizindikiro choyamba kuposa mmene ife tatalikirana ndi iwowo. Ndiye tinganene bwanji kuti onsewo anali ndi cholinga chimodzi? Mawu awiri okha aja achotsa funso limeneli m'mutu mwa wowerenga asanalifunse n'komwe.

Munthu amene analamulira maphunzirowa kwa zaka zambiri anali Henri Breuil, ndipo anali wansembe wa Katolika, anamwalira mu 1961. Anagwira ntchito yoopsa, kugona chagada m'mapanga ozizira kukopera zithunzi ndi dzanja, zimenezo tisamulande. Iye ndi amene anatchukitsa maganizo a matsenga a uzimba, amene Salomon Reinach anawalemba mu 1903: ujambule nyama pakhoma, uilase pachithunzi, ndiye ukaipha kutchire. Nanga Reinach anazidziwa bwanji? Anawerenga zimene azungu ena analemba za miyambo ya anthu a chi Aborigine ku Australia n'kuzinyamula kukaziika pa anthu a ku France a zaka 15,000 zapitazo. Mlatho wake unali woti awa ndi osatukuka, aja analinso osatukuka, ndiye ankaganiza chimodzimodzi. Ukaunena poyera choncho umachititsa manyazi, koma m'mabuku saunena poyera, amangoti "monga tionera pakati pa anthu a kwakuti" n'kupitirira.

Vuto lake mafupa sagwirizana nazo. Ku Lascaux mafupa ambiri a nyama zimene anthuwo ankadya ndi a reindeer, nyama yonga mbawala ya kumaiko ozizira, koma pakhoma pali mahatchi oposa 300 ndipo reindeer ndi imodzi yokha. Nyama zooneka ngati zalasidwa nazonso n'zochepa kwambiri pa zithunzi zonse za m'mapanga. Wina akhoza kuyankha kuti eya, ankajambula zimene zinkawavuta kugwira. Chabwino, koma ndiye kuti akajambula zimene amadya ndi matsenga, akajambula zimene sadya ndi matsenganso, palibe chimene chingapezeke pakhoma choti n'kuwatsutsa maganizowo. Ine ndikaona mfundo yoti imapambana mbali zonse choncho ndimayamba kuikayikira.

Chinanso chimene anthu saganizira n'choti chithunzi cha m'buku nachonso chimakopa, mwina kuposa mawu. M'phanga la Trois-Frères, limene ana atatu a Henri Bégouën analitulukira mu 1914, muli chinthu chotchuka chimene amachitcha wamatsenga, munthu woimirira mowerama wokhala ndi nyanga za nyama, mchira, maso ozungulira akuyang'ana iwe. Ambirife timachidziwa kudzera pa chojambula cha Breuil, ndi chimene chinadzaza mabuku. Ukaona foto ya khoma lenilenilo nyangazo sizioneka bwino choncho. Ena anati Breuil anawonjezera zimene ankafuna kuona, pamene katswiri wina wa ku France, Jean Clottes, amene analiona khomalo ndi maso, anamuikira kumbuyo kuti mizere ina ndi yogoba pamwala ndipo kamera siigwira bwino. Onse akhoza kukhala ndi mbali yawo. Koma mfundo ndi yoti pakhoma pamakhala mizere yambirimbiri yopingasana, ina ya anthu ina ya mwala weniweniwo, ndipo wokopera amasankha kuti uwu ndiutsatira uwu ndiusiya. Akamaliza n'kulemba pansi pake kuti wamatsenga, wowerenga sakuonanso khoma, akuona chigamulo.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya ku Brandberg ku Namibia. Mu 1918 Mjeremani wina, Reinhard Maack, anapeza chithunzi pansi pa thanthwe, munthu akuyenda atanyamula uta, thupi lake kuyambira m'chiuno kupita m'munsi lopakidwa zoyera. Breuil anapitako mu 1947 ndipo mu 1955 anatulutsa buku lonena kuti ameneyu ndi mzimayi wachizungu, White Lady, wofanana ndi zithunzi za ku Knossos pa chilumba cha Crete, kutanthauza kuti kalekale anthu ochokera ku nyanja ya Mediterranean anafika kumeneko. Mukuona eti? Zomwe zija za ku Altamira, chinthu chikakongola ndiye kuti eni dera sangachipange, tifune mlendo. Ndipo maganizo amenewa anali okoma m'makutu mwa atsamunda a kumwera kwa Africa nthawi imeneyo, palibe chifukwa chofotokozera. Akatswiri ena atadzakopera mosamala, makamaka Harald Pager amene anatha zaka zambiri pa phirilo, zinaoneka poyera kuti chithunzicho si cha mkazi n'komwe, ndi mwamuna, maliseche ake akuoneka, ndipo anajambula ndi anthu akomweko, alenje akale a deralo, zoyerazo ndi utoto wopaka m'thupi. Umboni unagwa kalekale koma dzina likadalipo, alendo mpaka lero amakwera phiri kukaona White Lady.

M'zaka za m'ma 1960 kunabwera sitayilo ina. André Leroi-Gourhan anati tisiye zongoyerekeza ndi mitundu ya kutali, tiwerenge. Anayendera mapanga oposa 60, kuwerenga nyama iliyonse, ili pati, pakhomo, pakati kapena kumapeto, yayandikana ndi iti, n'kupanga matebulo. Mu 1965 anatulutsa buku lalikulu lonena kuti phanga lililonse linakonzedwa motsatira dongosolo la zinthu ziwiri, chachimuna ndi chachikazi, hatchi ikuimira mwamuna njati ikuimira mkazi, tizizindikiro toonda ndi tachimuna tonenepa ndi tachikazi. Manambala anachititsa kuti zimveke zolimba kuposa za Breuil. Koma chosekesa n'choti Annette Laming-Emperaire, amene anafufuza zofanana nthawi yomweyo, anapeza kuti njati ndiye mwamuna, hatchi ndiye mkazi kkkk. Makoma omwewo, nyama zomwezo. Kuwerengako kunali koona, mahatchi ndi njati zimapezekadi limodzi kawirikawiri, koma kuchoka pa "zimapezeka limodzi" kufika pa "uyu ndi mwamuna" pali dzenje limene tebulo silingakwirire, analumpha ndi mawu.

Leroi-Gourhan yemweyo anakonzanso makwerero a masitayilo anayi, kuti luso linayamba lophweka ngati la mwana n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kufika pa Lascaux ndi Altamira. Nkhani yokoma kuifotokoza, ili ndi poyambira ndi pothera. Ndiye mu Disembala 1994 Jean-Marie Chauvet, Éliette Brunel ndi Christian Hillaire analowa m'phanga lina ku Ardèche ku France n'kupeza mikango ikusaka, zipembere zikugundana nyanga, mitu ya mahatchi yopakidwa mithunzi mwaukatswiri, ndipo makala ake atayezedwa anaonetsa zaka pafupifupi 36,000, kuwirikiza kawiri Lascaux imene ili ndi zaka ngati 17,000. Makwerero aja anathyoka tsiku limenelo.

Za ma shaman, asing'anga olowa m'masomphenya, ndingodutsa mwachangu chifukwa pazokha zingadzaze tsamba. David Lewis-Williams wa ku South Africa anagwiritsa ntchito zimene anthu a chi San anafotokoza okha kwa Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd ku Cape Town m'ma 1870, n'kuonetsa kuti zojambula zambiri za ku Drakensberg zikukhudzana ndi gule wochiza ndi masomphenya. Kumeneko anali ndi mawu a anthu enieni oti n'kutsamirapo. Koma mu 1996 iye ndi Clottes anatengera maganizowo ku mapanga a ku France, kumene kulibe munthu ndi mmodzi yemwe anasiya mawu, mlatho wake tsopano n'kukhala ubongo, ati anthu onse akalowa m'masomphenya amaona timadontho ndi mizere yokhotakhota yofanana. Paul Bahn ndi ena anatsutsa kwambiri. Chimene ndimaona ine n'choti mbadwo uliwonse umapeza m'phangamo zimene zili m'fasho nthawi yake, wansembe anapezamo kachisi, a m'ma 1960 anapezamo dongosolo la zizindikiro, a m'ma 1990 anapezamo ubongo.

Masiku ano mpikisano uli pa madeti, ndipo apa ndi pamene muyenera kutsegula maso. Utoto wofiira wa dothi sungayezedwe ndi njira ya carbon imene amayezera makala chifukwa mulibe chamoyo chimene chinafa. Ndiye amayeza china. Madzi akamadontha pakhoma amasiya kamwala koyera kopyapyala pamwamba pa utoto, m'kamwalako muli uranium pang'ono imene imasanduka thorium pa liwiro lodziwika, ukayeza kuchuluka kwa ziwirizi umadziwa kuti kamwalako kanayamba liti. Nkhanambo singabwere chilonda chisanabwere, ndiye utoto uli pansiwo ndi wakale kuposa kamwalako. N'chifukwa chake pepala la sayansi limati "zaka zosachepera zakuti". Koma njirayi ili ndi pothawira pake, madzi akadzakokolola uranium ina pambuyo pake kamwalako kamaoneka kakale kuposa mmene kalili, ndipo mikangano yambiri ili pamenepa.

Onani mmene zayendera ku Sulawesi, Indonesia. Zojambula za ku Maros zinkadziwika kuyambira m'ma 1950 koma anthu ankangoti sizingapose zaka 10,000, palibe amene anayeza, zinali kutali ndi France basi. Mu 2014 Maxime Aubert ndi anzake anayeza dzanja lina n'kupeza zaka zosachepera 39,900. Mu 2019 anatulutsa chithunzi cha ku Leang Bulu' Sipong 4, zaka 43,900. Mu 2021 nguluwe ya ku Leang Tedongnge, 45,500. Mu 2024 nguluwe ina ndi tianthu titatu ku Leang Karampuang, 51,200. Ntchito yabwino kwambiri imeneyi, inagwetsa bodza loti luso linabadwira ku Ulaya. Koma mutu uliwonse wa nkhani unkati "chakale kwambiri padziko lonse", pamene chimene chikutanthauzidwa n'choti chakale kwambiri mwa zochepa zimene zinali ndi kamwala koyera pamalo abwino ndipo wina anapeza ndalama zokayezera. Rekodi imene imathyoledwa pakapita zaka ziwiri zilizonse ikukuuzani za kumene akatswiri akuyeza panopa, osati kumene munthu anayambira kujambula.

Ndipo mawu ngati "nthano" amalowa mwakachetechete. Pa chithunzi cha 2019 chija pali nguluwe ndi tinjati ta anoa, pambali pake tizithunzi ting'onoting'ono tooneka ngati anthu, tina tokhala ngati tili ndi mchira kapena mlomo wa mbalame, ndi mizere yaitali imene ingakhale mikondo kapena zingwe. Ofufuzawo anati ndi uzimba, tianthuto ndi theka munthu theka nyama, ndiye kuti anthuwa ankatha kuganiza za zinthu zosaoneka, mwina apa ndi poyambira chipembedzo. Sitepe iliyonse payokha ikumveka, koma werengani masitepewo, alipo anayi kapena asanu, uliwonse waima pa unzake. Komanso timiyala timene anayeza tinali pa nyama zikuluzikuluzo, osati pa tianthuto, ndipo akatswiri ena ngati Paul Pettitt anafunsa ngati zonsezo zinajambulidwadi nthawi imodzi ngati chithunzi chimodzi. Funso limeneli ku mitu ya nkhani silinafikeko.

Za a Neanderthal, mtundu wina wa anthu akale umene unatha, nazonso chimodzimodzi. Mu 2018 magazini ya Science inatulutsa madeti a mapanga atatu a ku Spain, La Pasiega, Maltravieso ndi Ardales, oposa zaka 64,000, nthawi imene anthu a mtundu wathu anali asanafalikire ku Ulaya, ndiye kuti anajambula ndi a Neanderthal. Dziko lonse linalemba kuti a Neanderthal anali akatswiri a luso. Zimene zinayezedwazo ndi chizindikiro chofiira chooneka ngati makwerero, dzanja limodzi, ndi utoto wofiira wopakidwa pa miyala yolendewera. Mu 2020 Randall White ndi akatswiri ena oposa 40 analemba kutsutsa madetiwo, eni kafukufuku anayankha, mkangano ukupitirira. Ine sindikuona chifukwa chimene Neanderthal sakanapakira utoto pakhoma, koma ndinaonanso kuti nkhaniyi inagulika chifukwa ili ndi mtima wa "onyozeka aja ayeretsedwa", ndipo owerenga timaukonda mtima umenewu mwina kuposa uranium.

Pali mayi wina wofufuza za kalembedwe, Jeanne Fahnestock, amene mu 1986 anatenga mapepala a sayansi n'kuwaika pambali pa nkhani za m'magazini zofotokoza mapepala omwewo. Anapeza kuti nkhani ikamachoka kwa akatswiri kupita kwa anthu wamba, mawu okayikira aja, mwina, zikuoneka ngati, pa zochepa zimene tayeza, amagwera m'njira, ndipo m'malo mwake mumalowa mawu odabwitsa, choyamba, chokhacho, sichinaonekepo. Sankanena za mapanga, koma chitsanzo chabwino ndi manja aja. Munthu ankaika dzanja pakhoma n'kupopera utoto ndi pakamwa, akachotsa pamatsala chithunzi cha dzanjalo. Kwa zaka zambiri mabuku ankajambula wojambula wa m'phanga ngati bambo wandevu atanyamula nyali, popanda umboni uliwonse. Mu 2005 Dale Guthrie anati ambiri anali anyamata achisodzera. Mu 2013 Dean Snow anayeza kutalika kwa zala pa manja 32 a m'mapanga asanu ndi atatu a ku France ndi Spain n'kupeza kuti 24 akuoneka kuti ndi a akazi. Pofika pa intaneti inali itasanduka "ojambula oyamba anali akazi". Manja 32 okha, ndipo kuika dzanja pakhoma sikutanthauza kuti ndiwe amene unajambula njati ili pambaliyo, olo kuti unapopera wekha utotowo. Kafukufukuyo anathandiza kuchotsa bambo wandevu uja pampando, zimenezo zinafunika, koma mutu wa nkhani unangokhazikapo munthu wina motsimikiza chimodzimodzi.

Tiziboliboli ta akazi timene anthu akalewa ankasema ndiye musanene. Kuyambira 1864 pamene koyamba kanapezeka ku Laugerie-Basse ku France timatchedwa Venus, dzina la mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma, ndiye kuti usanakagwire n'komwe wauzidwa kale kuti nkhani yake ndi kugonana kapena kubereka. Ka ku Hohle Fels ku Germany katalengezedwa mu 2009 nyuzipepala zambiri zinakatcha zolaula zakale kwambiri, ndipo April Nowell ndi Melanie Chang mu 2014 anaonetsa kuti kalankhulidwe kameneka sikanayambire kwa atolankhani okha, kanali kale m'magazini a akatswiri momwemo.

Pali kenanso kamene kamandisekesa. Pafupifupi nkhani iliyonse ya Altamira kapena Lascaux imatchula Picasso, wojambula wotchuka wa ku Spain, ati anatuluka m'phanga n'kunena kuti ife sitinatulukire chatsopano chilichonse, ena amati ananena kuti pambuyo pa Altamira zonse ndi kubwerera m'mbuyo. Bahn anafufuza ndipo sanapeze umboni woti ananenadi zimenezi kapena kuti analowamo m'mapangawo. Koma mawuwo safa chifukwa ali ndi ntchito, amabwereka dzina la munthu wotchuka kuti lisainire kuti inde ili ndi luso lenileni, ngati kuti njatizo pazokha sizikwana.

M'ma 1980 kunatchuka mawu oti "kuphulika kwa luso", kuti zaka 40,000 zapitazo ku Ulaya ubongo wa munthu unangoyaka mwadzidzidzi. Mu 2000 Sally McBrearty ndi Alison Brooks anaonetsa kuti zinthu zimenezi, utoto, mikanda, zida zapamwamba, zinkaoneka pang'onopang'ono mu Africa kalekale zisanafike kumeneko, kunaoneka ngati kuphulika chifukwa anthu anakumba kwambiri ku France ndi Spain. Ku Blombos ku South Africa kunapezeka kamwala kokhala ndi mizere isanu ndi inayi yofiira yopingasana, ka zaka 73,000, kanalengezedwa mu 2018. Atolankhani anakatcha hashtag yoyamba. Chabwino, n'zoseketsa, koma ndi njira yomwe ija yomukokera munthu wakale kuti afanane ndi ife m'malo movomera kuti sitikumumva.

Kumene kukopa kunapitirira malire, kwa ine, ndi nkhani ya Homo naledi. Mu Juni 2023 Lee Berger ndi gulu lake analengeza kuti zamoyo zakale zofanana ndi anthu zimenezi, za ubongo waung'ono kwambiri poyerekeza ndi wathu, zimene mafupa ake ali ndi zaka pakati pa 236,000 ndi 335,000, zinkakwirira akufa ndi kugoba mizere pa makoma a phanga la Rising Star pafupi ndi Johannesburg. Analengeza akatswiri anzawo asanaunike mapepalawo. Mwezi wotsatira filimu yake inali kale pa Netflix, ndipo mwezi womwewo ounika a magazini ya eLife anati umboni ndi wosakwanira, mizereyo sinayezedwe zaka, palibe chotsimikiza kuti anagoba ndi naledi osati munthu wina amene analowamo pambuyo pake kapena kuti si ming'alu ya mwala. Anthu mamiliyoni anaonera filimuyo, amene anawerenga ndemanga za ounika ndi ochepa.

Komatu ndisawaweruze ngati kuti ine ndikanachita bwino. Munthu wakwawa m'matope maola ambiri, wayang'ana mkango wojambulidwa zaka 36,000 zapitazo ndi tochi, ukufuna alembe kuti "pali makala pa mwala"? Ndiponso popanda mawu okoka palibe ndalama za kafukufuku, palibe boma limene lingateteze phanga. Lascaux inatsekedwa mu 1963 chifukwa mpweya ndi kutentha kwa alendo zinayambitsa ndere pakhoma, anachita kumanga phanga lofanizira pafupi. Ku Sulawesi makoma akusupuka chifukwa cha mchere wotuluka m'mwala, zithunzi zikugwa zidutswazidutswa, ndipo chimene chinachititsa dziko kuyang'ana kumeneko ndi mitu ya nkhani yomwe ija ya "chakale kwambiri". Ndiye sindikufuna asiye kulemba mokoma. Ndimangofuna azindisonyeza msoko, kuti apa ndi pamene khoma lathera, kuyambira apa ndikuganiza ndine. Olemba abwino amatero, ndipo nkhani siichepa kukoma.

Chimene chimasowa kwambiri munkhanizi ndi tizizindikiro, timadontho, mizere, timabokosi, timene m'mapanga ambiri ndi tochuluka kuposa nyama koma sitikongola pa chikuto cha magazini. Genevieve von Petzinger anatisonkhanitsa n'kupeza mitundu 32 imene imabwerezedwa ku Ulaya kwa zaka masauzande ambiri, ndipo anasamala osanena kuti akudziwa tanthauzo lake. Mu Januwale 2023 Ben Bacon, bambo wa ku London amene ntchito yake ndi kukonza mipando yakale, pamodzi ndi akatswiri angapo anatulutsa pepala lonena kuti timadontho ndi mizere ya pambali pa nyama ikuwerenga miyezi kuyambira nyengo yozizira ikatha, ndipo chizindikiro chooneka ngati Y chikusonyeza mwezi umene nyamayo imaswa. Maganizo amenewa ndimawapatsa ulemu chifukwa akhoza kuyesedwa, ukhoza kutenga miyezi imene mahatchi kapena nsomba zimaswana n'kuona ngati manambala akugwirizana, ndipo akapanda kugwirizana maganizowo agwa. Eni ake anakutcha kulemba kwa poyambirira, osati kulemba kwenikweni. Nyuzipepala zinati munthu wamba wamasula chinsinsi chimene chinagonjetsa mapulofesa, pamene mapulofesa ena anali pa pepala lomwelo ngati olemba anzake, ndipo akatswiri ena akufunsabe kuti timadontho toti tiwerengedwe anatisankha bwanji, ndi toti tisiyidwe anatisiya chifukwa chiyani.